Njerwa Zobisala

Tikondwe amakhala paphiri, ku Mphunzi. Ali ndi khumbo limodzi. Akufuna Amayi awothe dzuwa.

Amayi anathyoka mwendo. Tsopano amayendera ndodo. Koma khomo la nyumba lili pamwamba. Mvula inakokolola dothi lonse pakhomopo. Amayi sangathe kutsika.

M'nyumba mukuzizira. M'nyumba muli mdima. Tsiku lililonse Amayi amangoyang'ana panja. Sasekanso. Zimamuwawa Tikondwe.

Amalume, a Timoteyo, ndi mmisiri womanga. Iwo anati amanga masitepe awiri ngati a kutchalitchi. Anauza Tikondwe kuti akawerenge njerwa za masitepe a kutchalitchiwo.

Tikondwe anathamanga. Anawerenga zakutsogolo. Anawerenga zapamwamba. Anapeza njerwa makumi atatu.

Amalume anabweretsa njerwazo pangolo. Anayala, anayala. Njerwa zinatha. Kalanga ine, ngakhale sitepe yoyamba sinathe!

Amalume anapukusa mutu. Phirilo ndi lalitali, ng'ombe zatopa. Anati adzabweranso kamodzi kokha basi. Akatero apita kukamanga ku Linthipe mpaka mvula.

"Usadandaule, mwanawe," anatero Amayi. "Mdimawu ndauzolowera."

Bodza limenelo. Mdima sauzolowera. Tikondwe analira kuseri kwa khola.

M'mawa kunagwa nkhungu. Tikondwe anapita kusukulu ali ndwii. Aphunzitsi, a Gracious, anamufunsa chavuta. Iye anafotokoza zonse.

Aphunzitsi anatenga timabokosi ta machesi. Anasanja masitepe awiri patebulo. Kenako ananyamula yapamwamba. Taonani! Pansi pake panali timabokosi tina, phee.

"Unawerenga zooneka zokha," anatero Aphunzitsi. "Zamkati nazo ndi njerwa. Gawa masitepewo pawiri. Peza zapansi, upeze zapamwamba, uphatikize."

Tikondwe anakumbukira masitepe a kutchalitchi aja. Analemba m'kope.

Sitepe yapansi: njerwa zisanu m'litali. Njerwa zinayi m'lifupi. Mizere iwiri kukwera m'mwamba.

5 × 4 × 2 = 40

Sitepe yapamwamba: njerwa zisanu m'litali. Njerwa ziwiri m'lifupi. Mizere iwiri kukwera m'mwamba.

5 × 2 × 2 = 20

Anaphatikiza. 40 + 20 = 60. Koma iye anali ndi makumi atatu okha. Pankafunika makumi atatu ena!

Anauza Amalume. Amalume anamuyang'anitsitsa.

"Zabodzazi sunayambenso, iwe?"

"Ayi, Amalume. Ndawerenga ndi zobisala zomwe."

Ngolo inakweranso phiri. Amalume anayala, anayala. Tikondwe ankawapatsira njerwa. Zinatsala zitatu. Zinatsala ziwiri. Inatsala imodzi. Malo nawo anatsala amodzi. Njerwayo inakwana bwinobwino.

Anadikira masiku atatu kuti matope aume. Masiku atatu ankhungu.

Tsiku lachinayi dzuwa linawala. Amayi anagwira phewa la Tikondwe. Sitepe imodzi. Anapuma. Sitepe ina. Phazi lawo linaponda dothi.

Amayi anakhala pasitepe yapansi. Anatambasula mwendo padzuwa. Anatsinzina.

"Tilowe, Amayi?" anafunsa Tikondwe.

Amayi anaseka. "Lowa wekha. Ine ndilipo pano."