Nyenyezi Yachisanu

Bambo wina analowa m'shopu ya fotokope dzuwa lili paliwombo, atagwira pepala limodzi lopindapinda. Sanabwere kudzakopetsa kanthu. Anafunsa mwini shopu ngati kuno n'kumene kumapezeka munthu woyendetsa Kashelefu, kapulogalamu ka pafoni kouza anthu mabuku oyenera kuwerenga.

Mwini shopu analoza ndi mlomo kuseri kwa makatoni a mapepala. Kumeneko, patebulo lochirikizidwa ndi njerwa, kunali mng'ono wake, amene aliyense ankamutcha Nabuku chifukwa ankawerenga ngakhale pamzere wa kuchipatala.

Kashelefu kanali kake yekha. Buku lililonse ankaliwerenga mpaka tsamba lomaliza, n'kulemba ndemanga yaifupi, n'kulipatsa nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Anthu zikwi zitatu ankamukhulupirira chifukwa cha mawu omwe anaika pamwamba penipeni: "Nyenyezi zathu sizigulidwa ndipo sizipemphedwa." Analinso ndi lamulo loti aliyense womulembera ayankhidwe pasanathe masiku awiri.

Alembi ankadandaula ndithu. Wina anamunena kuti mbuli, wina anamuopseza ndi loya. Koma wobwera ndi miyendo yake, uyu anali woyamba. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mlendoyo anafunyulula pepala lija n'kuwerenga mokweza ndemanga ya buku lake: "Nyenyezi zinayi. Nkhani yake imagwira mtima. Koma mwamuna wa m'bukuli amalonjeza bwino kwambiri, ndipo ine sindikumukhulupirira."

Kenako anamwetulira. "Ndabwera kudzafunsa, mayi. Nyenyezi yachisanu munaibisa kuti?"

Nabuku anakonza magalasi ake othyoka mwendo. Anamuuza mosapita m'mbali kuti mwamuna wa m'bukumo amalonjeza patsamba lililonse, koma palibe pomwe amachita kanthu. Ngakhale kuperekeza wokondedwa wake pokwerera basi, ngakhale kumunyamulira chikwama, ayi.

Mlembi sanatsutse. Anatulutsa kabuku m'thumba, n'kulembamo mizere iwiri, n'kuthokoza. Mlembi kuthokoza atadzudzulidwa! Chiyambire Kashelefu, Nabuku anali asanazionepo zimenezi. Atapemphedwa nambala ya foni, anaipereka asanaganize.

M'bokosi la mauthenga a alembi la pa Kashelefu, bamboyo ankalemba mwaulemu ngati wofunsira ntchito. Pafoni ndiye anali wina.

"Ndaipeza nyenyezi ija," unatero uthenga woyamba. "Imakhala kuseri kwa makatoni, imavala magalasi olumala."

Nabuku anaseka yekha mpaka makasitomala anacheuka. Zaka zinayi akuwerenga za chikondi cha anthu ena, lero uthenga n'kukhala wake? Ndani akanakana?

Mlembi anayamba kubwera Lachiwiri lililonse masana. Ankamutcha "nyenyezi yanga", nthawi zina "tsamba langa lomaliza". Anamuuza kuti amakhala yekha m'kachipinda kodzaza mabuku, ndipo mabukuwo ndiwo ana ake. Nabuku anamumvera chisoni, ndipo polemba mbiri ya mlembiyo pa Kashelefu anaika mawu omwewo, akuti amakhala yekha ndi mabuku ake.

Poweruka, mlembi ankamuperekeza pokwerera basi atamunyamulira chikwama cha laputopu. Ankaima pomwepo mpaka basi itakhota. Mtima wa Nabuku unali m'malere. Uyu ndiye mwamuna wochita, osati wongolonjeza.

Mkulu wake wa Nabuku, mwini shopu uja, sanasangalale nazo. Ankafunsa kuti munthu wamtundu wanji wopezeka Lachiwiri lokha, woika foni chafufumimba patebulo, wosatchula n'komwe msewu wa kwawo.

"Chikomekome cha mkuyu, mng'ono wanga."

"Asisi, makina a fotokopewa anakuumitsani mtima," anayankha Nabuku, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lonjezo lalikulu linabwera pokwerera basi pomwepo. "Buku lachiwiri likatuluka, tsamba loyamba lidzakhala lako. Tsiku lomwelo ndidzabwera kwa asisi ako ndi mphete. Ndikanama, dzanja ili lisadzalembenso."

Nyenyezi ija sanaipemphe ayi, anali wochenjera kuposa pamenepo. Anangousa moyo n'kunena kuti osindikiza akukayika. Akuti buku lachiwiri adzalisindikiza pokhapokha loyamba litafika pamwamba pa Kashelefu, pomwe pamakhala a nyenyezi zisanu okha. Anafulumira kunena kuti Nabuku asavutike nazo, iye sangamupemphe zotere.

Masiku atatu Nabuku analimbana ndi mtima wake. Popanda buku lachiwiri panalibe mphete. Lachisanu m'mawa anatsegula laputopu, nafufuta chiganizo chomaliza cha ndemanga ija, nawonjezera nyenyezi.

Owerenga si ana. Mphunzitsi wina, yemwe anali naye kuyambira Kashelefu kali ndi anthu khumi, analemba poyera kuti: "Kodi lasintha ndi buku, kapena mwasintha ndinu?" Masiku awiri anadutsa, kenako sabata. Kwa nthawi yoyamba Nabuku sanayankhe munthu. Pofika kumapeto kwa mwezi, anthu mazana anayi anali atachotsa Kashelefu m'mafoni mwawo. Zinamupweteka, koma Lachiwiri likafika ankaiwala.

Patatha miyezi itatu, Lolemba m'mawa, m'bokosi la alembi munagwa uthenga wochokera pa dzina la mlembi uja. Kalembedwe kake kanali kachilendo.

"Zikomo mayi. Ndine mkazi wa mlembi, ndimawathandiza kutaipa ndi kuyankha makalata. Pali kolakwika pang'ono pa mbiri yawo. Mwalemba kuti amakhala okha, moti ana athu awiri aseka mpaka misozi. Chonde konzani. Ndatumizanso buku lachiwiri, latuluka dzulo. Mulungu akudalitseni powamvetsa. Lachiwiri lililonse ankabwera kunyumba atatopa, akuti ndinu munthu wovuta kukambirana naye."

Nabuku anawerenga kawiri. Kenako anatsegula bukulo, poti mtima wopusa umafunabe umboni. Patsamba loyamba panalembedwa kuti: "Kwa mkazi wanga, amene anandiuza kuti ndisagonje mpaka nyenyezi yachisanu itatuluka."

Makina a fotokope ankangolira ngati palibe chachitika.

Anamuimbira. Mlembi anayamba ndi "nyenyezi yanga", kenako anati ankafuna kumuuza, kenako anati kunyumba zinthu sizili bwino kuyambira kale, kenako analumbira kuti apatsidwe miyezi iwiri yokha. Mawu ankatuluka osalala ngati a m'buku lake lija.

"Ndifunse chimodzi," anatero Nabuku. "Tsiku loyamba lija, munalemba chiyani m'kabuku kanu?"

Nabuku sanadikire yankho.

Sanafunikire kuuzidwa. Kuperekeza pokwerera basi. Kunyamula chikwama. Iye mwini, ndi pakamwa pake, anaphunzitsa munthu mmene angamunamizire. Anadula foni.

Mkulu wake anazimitsa makina, natseka chitseko cha shopu makasitomala ali panja. Sananene kuti ndinakuuza. Anangokoka mpando n'kukhala pambali pake, ndipo Nabuku analira mpaka magalasi anagwera pansi. Ankalirira mphete, ankalirira mayi waulemu uja yemwe sankadziwa kanthu, koma koposa zonse ankalirira dzina lake lomwe analigulitsa ndi kunyamuliridwa chikwama.

M'mawa mwake anabwera kuntchito maso atatupa. Linali Lachiwiri, ndipo pakhomo sipanaoneke munthu.

Anayamba ndi mkazi wa mlembi, poti masiku awiri anali asanathe. Analemba zambiri n'kufufuta, analembanso n'kufufuta. Pomaliza anatumiza mawu atatu: "Zikomo mayi. Takonza."

Kenako anayankha mphunzitsi uja poyera, pomwe aliyense akanaona. "Buku silinasinthe. Ndinasintha ndine. Pepani pochedwa kuyankha." Ngati anthu mazana anayi aja adzabwerere, sankadziwa.

Anachotsa nyenyezi yachisanu. Chiganizo chomwe anafufuta chija sanachite kuchifufuza, chinali m'mutu, ndipo anachibwezera pamalo pake liwu ndi liwu: mwamuna wa m'bukuli amalonjeza bwino kwambiri, ndipo ine sindikumukhulupirira.

Panatsala buku lachiwiri, lomwe linali pamzere ngati mabuku ena onse. Lamulo lake lomwe linkati aliwerenge mpaka tsamba lomaliza, masamba mazana awiri ndi khumi. Anapukuta magalasi n'kulitsegula. Mkulu wake atabwera kudzamuitana masana, anamupeza akadali patsamba loyamba.