Chitseko Chomwe Chinkaulula Kabelu

Kabelu anali ndi zaka zisanu. Ankakonda chibisalirano kuposa masewera onse. Koma anali asanapambanepo ngakhale kamodzi. Zimenezi zinkamuwawa kwambiri.

Makutu a Kabelu sankamva chibadwire. Kunyumba ankalankhula naye ndi manja. Amayi ankalankhula ndi manja. Abambo ankalankhula ndi manja. Achimwene ake nawonso ankayesa, ngakhale manja awo anali aulesi.

Dzina loti Kabelu anamupatsa ndi achimwenewo. Mwiniwake sankadziwa kuti belu limalira.

Akamasewera, achimwene ankayang'ana kukhoma n'kutseka maso. Kabelu ankathamangira kuchipinda. Ankalowa mu wadirobu, pakati pa madiresi a amayi. Asanakhazikike n'komwe, achimwene atulukira.

"Ndakupeza," ankatero ndi manja.

Lero ndakupeza. Mawa ndakupeza. Kabelu anaganiza kuti achimwene ali ndi diso kunkhongo. Tsiku lina anawafufuza m'tsitsi. Diso sanalipeze.

Kenako Kabelu anapita kuchipatala. Madokotala anamuchita opaleshoni kuseri kwa khutu. Anaikamo kachipangizo kothandiza kumva. Bala litapola, anapitanso ndi amayi ndi abambo.

Chipinda cha adokotala chinali chaching'ono. Munali tebulo, kompyuta ndi bokosi la zidole. Adokotala anakoleka kachipangizo kena pakhutu pa Kabelu. Mbali yake yozungulira inamatirira kumutu, chifukwa inali ndi maginito.

"Tikuyatsa tsopano," anatero adokotala. "Koma musayembekezere zambiri lero."

Amayi anagwira pamtima. Abambo anatulutsa foni kuti ajambule. Adokotala anadina batani.

Piii! Piii!

Chinachake chinalira m'mutu mwa Kabelu. Anayang'ana kudenga. Anayang'ana pansi pa tebulo. Sanaone kanthu.

"Mwanangu, ndine mayi ako," anatero amayi.

Kabelu sanamve mawu. Anangomva phokoso. Anachita mantha. Anachotsa kachipangizo kaja n'kuyamba kulira. Abambo anabweza foni m'thumba.

"Ndi mmene zimayambira," anatero adokotala. "Makutu nawo amaphunzira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kunyumba kunali phokoso lokhalokha. Mpopi unali phokoso. Masipuni anali phokoso. Abambo akayetsemula, ndiye musanene!

Kabelu ankachotsa kachipangizo. Amayi ankamuveka. Kabelu ankachotsanso. Amayi ankamuvekanso.

"Valako pang'ono chabe, mwanangu," ankatero amayi, pakamwa ndi manja pomwe.

"Sindikafuna," ankayankha Kabelu ndi manja. "Kamandisokosera."

Amayi sankakalipa. Ankagogoda patebulo n'kuloza khutu lawo. Ankatsegula mpopi n'kuloza khutu lawo. Kabelu ankangowayang'ana.

Milungu inapita.

Masana ena, achimwene anati asewere chibisalirano. Kabelu anali atavala kachipangizo kake. Anaiwala zokachotsa. Anathamangira kuchipinda. Anakoka chitseko cha wadirobu.

Kwiiii!

Kabelu anadzidzimuka. Anakankha chitseko.

Kwiiii!

Anakokanso.

Kwiiii!

Anasuzumira pabalaza. Achimwene anali chitsekere maso. Koma mutu wawo unali utatembenukira kuchipinda. Ankamwetulira.

Kabelu anapita n'kuwakoka malaya.

"Achimwene, kodi chitseko chimalankhula?" anafunsa ndi manja.

Achimwene anakanda m'mutu. "Chimalira," anavomera.

"Masiku onse?"

"Masiku onse. Nsapato zakonso zimalira. Ndipo iwe ukabisala umaseka."

Kabelu anaponda pansi. Gu! Anapondanso. Gu! Anayang'ana nsapato zake mokwiya. Kani adani ake anali kuphazi komweko!

"Tsekaninso maso," anatero Kabelu.

Achimwene anayang'ana kukhoma. Kabelu anavula nsapato. Anapita kuchipinda. Anakoka chitseko cha wadirobu mwadala.

Kwiiii!

Koma sanalowemo. Anabwerera monyang'ama. Phazi limodzi. Phazi lina. Ankamvetsera phazi lililonse.

Pakhonde abambo ankasita zovala. Patebulo panali bulangete lofika pansi. Kabelu anakwawira kunsi kwa tebulolo. Abambo anamuona. Anapitiriza kusita ngati sanaone kanthu.

Kunsi kwa tebulo kunali mdima. Kabelu sankaona chilichonse koma mapazi a abambo. Kenako anamva. Gu, gu, gu. Achimwene akuthamangira kuchipinda.

"Ndakupe..."

Mawuwo anathera panjira. Mu wadirobu munali madiresi okhaokha.

Gu, gu, gu. Achimwene anapita kubafa. Gu, gu, gu. Anapita kukhitchini. Kuseka kunamubwerera Kabelu. Anagwira pakamwa ndi manja awiri.

"Amayi, mwamuona Kabelu?" anafunsa achimwene.

"Ine ndikutsuka mbale," anayankha amayi.

"Abambo, mwamuona Kabelu?"

"Ine ndikusita malaya, bwana," anayankha abambo. "Si paja iwe ndi katswiri?"

Achimwene anafufuza kuseri kwa makatani. Anafufuza pansi pa bedi. Anatsegula ngakhale dengu la zovala zakuda. Thukuta linayamba kutuluka. Pomaliza anakhala pansi pakati pa balaza.

"Kabelu! Kabelu! Ndalephera!" anafuula.

Kabelu sanamve mawu onse. Koma limodzi analizindikira. Amayi ankalitchula m'mawa uliwonse, akumuloza pachifuwa. Linali dzina lake.

Anatuluka kunsi kwa tebulo. Anakuwa ndi mphamvu zake zonse. Anadumphadumpha ndi chimwemwe. Amayi anabwera akuthamanga, manja ali thovu lokhalokha.

"Ndangoitana dzina lake, iye n'kutuluka," anatero achimwene modabwa.

"Wamva dzina lake?" anafunsa amayi.

"Wamva," anatero abambo. "Ndipo foni ili kuchipinda."

Amayi anamukumbatira Kabelu ndi thovu lomwelo. Misozi inatsika, koma ankaseka.

Kabelu analibe nthawi ya misozi. Anadzimasula m'manja mwa amayi. Analoza achimwene.

"Tsopano bisalani inuyo," anatero ndi manja.

"Sundipeza, iwe," anatero achimwene. Koma poyamba anavula nsapato.

Kabelu anayang'ana kukhoma. Anakonza kachipangizo kake bwinobwino. Anatseka maso onse awiri. Makutu sanatseke.