Kadontho Kofiira pa Mbale ya Araba

Singano itangotera pa mbale ya nyimbo ija, m'malo mwa mawu a Araba munatuluka mawu a mwamuna wachilendo.

Linali Loweruka masana, pabwalo la nyumba ya Egya Kobina Essuman ku Sekondi, m'dziko la Ghana. Anthu ovala zakuda ndi zofiira anali atadzaza mipando, popeza panali patatha sabata chimwalirireni mkazi wake Araba. Mkuluyo, yemwe maso ake anachita ng'ala kalekale, anachotsa mbale ija pa galamafoni n'kuyisisita pakati ndi chala. Kadontho panalibe.

Kale anthu akamapita kudansi ankanyamula mbale zawo, ndipo aliyense ankaikapo chizindikiro kuti zisasokonekere. Araba ankadonthezapo kyutekisi wofiira, wopaka m'zikhadabo uja. Koma mbale iyi sinali ngati zinazo. Munali nyimbo ziwiri zimene iye mwini anajambula ali mtsikana, ndi kagulu ka anyamata apadoko komwe sikanakhalitse. Mbale zake anapanga zochepa. Zina zinasweka, zina ana anazisandutsa mawilo a magalimoto amawaya. Inatsala imeneyi basi.

"Iyi si mbale yanga," anatero Egya Kobina motsitsa mawu. "Wina wandisinthira m'chikutomu."

Mwana wake Efuwa anaphimba nkhope ndi nsalu. Ndi kangati anawapempha bambo akewo kuti ajambule nyimbozo mufoni? Iwo ankangoseka. Ankati mwiniwake ali kukhitchiniko, akuyimba ulele tsiku lililonse, ndiye amutsekerenji m'kachitsulo ka m'thumba? Tsopano kukhitchini kunali zii, ndipo chisoni cha mkuluyo chinaposa cha tsiku la imfa lenilenilo.

Lolemba m'mawa anapita kupolisi. Wapolisi wapakauntala, m'modzi mwa aja amene amaganiza kuti dziko lonse linalowa mufoni, anati agogo asavutike, nyimbo iliyonse imapezeka pa intaneti. Anadinadina. Dzina la Araba silinatuluke.

Sajeni Adwoa Bentsil sanaitenge nkhaniyo mwachibwana. Ankadziwa kuti masiku ano azungu ndi achinyamata a ku Accra akuyenda khomo ndi khomo kugula mbale zimene dzana lomweli zinkadyedwa ndi fumbi kunsi kwa bedi. Anafunsa amene amalowa kuchipinda. Mkuluyo anatchula Efuwa, kenaka mwamuna wake Ekow, woyendetsa takisi, yemwe anatulutsa matiresi ogonera obwera pamaliro.

"Koma ameneyo musamuganizire," anawonjezera. "Mkamwini wanga ndi mwana wanga."

Sajeni analemba dzina la Ekow m'kabuku kake.

Tsiku lomwelo anafika pa kashopu ka mbale zakale kuseri kwa msika wa ku Takoradi. Mwini wake, Fiifi Arhin, sanachedwe kukumbuka. Anati kunabwera bambo wina kudzafunsa mmene amawongolera mbale yopindika. Munthuyo anali ataibisa m'galimoto, kuseri kwa mpando, n'kumayenda nayo padzuwa podikira wogula wochokera ku Accra. Aliyense amene anakula ndi galamafoni amadziwa kuti mbale ndi dzuwa sizimwerana madzi, koma uyu anakula ndi foni.

"Anandionetsa chithunzi chake. Pakati pali kadontho kofiira," anatero Fiifi. "Ndinamuuza kuti asaigwire, abwere nayo kuno Lachitatu."

Lachitatu m'mawa, Egya Kobina anakakamira kupita nawo kushopu kuja. Anamukhazika pampando kuseri kwa katani, Sajeni ataima pambali pake. Kunja kunaima galimoto. Chitseko chake chinalira mwa kulira kumene mkuluyo ankakumva m'mawa uliwonse pakhomo pake. Anagwira mwendo wa mpando.

"Akulu, ndabwera nayo ija," anamveka mawu a Ekow. "Ndaiwongola ndekha. Taonani, yagona bwinobwino."

Panamveka nsalu ikufunyululidwa.

"Mwaitani mbaleyi?" anafunsa Fiifi.

"Ndangoisita pang'ono ndi simbi. Ndinayala thaulo pamwamba, musadandaule."

Sajeni anakankha katani. Ekow anatembenukira kukhomo, koma panali pataima kale wapolisi wina. Unyolo utalira m'manja mwake ndi pamene anaona amene anakhala pampando uja. Anagwada pasimenti.

Anayankhula zambiri. Anati wogulayo analonjeza kuti mawu a amayi amveka mpaka ku Ulaya. Anati akanagula galimoto yakeyake, banja lonse n'kupindula. Pomaliza pakamwa panamuterera.

"Bambo, ndimati poti maso anuwo saona, simudziwa msanga."

Egya Kobina anangotambasula manja, ndipo Fiifi anaikamo mbale ija. Chala chinapita pakati. Kadontho kanalipo, kotumphuka monga anakasiyira Araba. Chala chinatsikira pamene pamayenda singano, ndipo chinatsetsereka posalala ngati pagalasi. Timizere tonse tinali titasungunuka, kupatula m'mphepete mwenimweni.

"Tayikanipo," anapempha.

Fiifi anayang'ana Sajeni, Sajeni anagwedeza mutu. Mbale inayamba kuzungulira. Munamveka kuthetheka, kenaka gitala, kenaka ng'oma kulowa pang'onopang'ono. Ndiye panamveka Araba, ali mtsikana, akukoka mpweya kuti ayambe kuyimba. Pomwepo singano inatsetsereka mpaka pakati.

Wapolisi uja anadzutsa Ekow n'kutuluka naye. Anthu amumsika anaunjikana kumuonerera akukwezedwa m'galimoto ya polisi, amayi ogulitsa nsomba akumukuwiza. Sajeni anauza mkuluyo kuti mlandu ukalowa m'khoti ndipo mbaleyo iyenera kukakhala umboni. Anayankhula mofatsa, koma mkuluyo sankamumvetsera. Anali atasendera pafupi ndi sipika, khutu ataligunditsa pansalu yake.

"Bwezeraninso poyamba paja, mwana wanga," anauza Fiifi. "Akupuma."