Chilembo Chofiira pa Malaya a Wongani

Mtembo unapezeka Lachiwiri, 6:20 m'mawa, m'ngalande ku Msongwe. Unali wa Wongani Mhone, wa zaka 23. Mutu unali utaphwanyika kunkhongo. Kumsana kwa malaya ake kunali chilembo chofiira, R, chotembenuka, ndi tizitsotso ta matabwa a paini tomata pamenepo.

"Ndi chilembo choyamba cha dzina ichi, madamu," anatero Sajeni Boniface. "Chibwenzi chake ndi Rejoice."

Inisipekita Hilda Mkandawire, amene wafufuza milandu zaka 19, anatola tizitsotso tija n'kutisunga. Pofika masana Boniface anali atatsekera mtsikanayo, ndipo akuluakulu ankafuna kuti Lachisanu akaonekere kukhoti.

Dokotala woyeza mtembo anauza Hilda kuti kuchipatala R amalemba pachithunzi cha mafupa, kusonyeza mbali yakumanja. Kukoleji kumene Wongani ankaphunzira, mlembi anatsegula faelo. "Kuno R ndi wobwereza chaka. Wongani anaipeza kawiri. Tinamuchotsa chaka chatha."

"Makolo ake akudziwa?" anafunsa Hilda.

"Kalata tinapatsa mwini wake."

Lachitatu 10:00, tizitsotso tija tinamufikitsa Hilda pogulitsira matabwa ku Zolozolo. Anapeza mkulu wina akuyala matabwa ong'aluka, lililonse lili ndi R wofiira.

"Awa ndi okanidwa, amama. Timalemba Lolemba, utoto umauma m'mawa mwake."

"Alipo amatenga usanaume?"

"A Mhone okha, akalipentala a ku Chiputula. Amafulumira chomene, kuopa kulandidwa."

Hilda anaona momwe zinakhalira. Chilembo sanachilembe munthu pamalaya, chinadinda chokha kuchokera pathabwa la utoto wosauma, n'chifukwa chake chinali chotembenuka. Anaimbira Boniface kuti amasule Rejoice.

Nthawi ya 2:15, Solomon Mhone, bambo ake a Wongani, anakhala m'chipinda chofunsira mafunso, thabwa la utoto wofufutika lili patebulo.

"Adada, ili talipeza m'shedi mwanu. Munamugoneka apa?"

"Pansi panali matope."

"Munamumenya ndi chiyani?"

"Hamala. Kamodzi." Anayang'ana manja ake. "Zaka zitatu ndakhala ndikukhoma mabokosi a maliro kuti iye asadzagwire lanki yopalira matabwa. Kutchalitchi amanditchula bambo ake a injiniya. Tsiku lililonse amatuluka ndi chikwama, amayi ake atamusitira malaya. Chaka chathunthu amakangokhala kudepoti."

"Anakuuzani ndani?"

"Yekha. Lolemba madzulo. Akuti, adada, sukulu yandikanika, mundiphunzitse ntchito yanu. Anawerama kuti atole lanki. Sindinafune kuti aigwire."

"Ndiye munamutaya m'ngalande."

"Ndinamukankha pawilibala, nditamufunditsa masaka. Amayi ake anali akubwera kuchokera kukwaya."

Hilda anamukankhira pepala ndi cholembera. Solomon anasaina osawerenga.

"Madamu, mundipatse tsiku limodzi lokha. Bokosi lake ndikhome ndekha. Muyeso wake ndikuudziwa."

"Akazi anu agula kale kwina," anatero Hilda, akutseka faelo. "Akuti la kwa inu ayi."