Moto wa M'chikuta

Sukulu ya ku mishoni inatsekera sabata lomwelo limene Susana anachira mwana wamwamuna. Akanakhala kwawo, kuseri kwa mapiri a Ntchisi, imeneyi sikanakhala nkhani. Azichemwali ake akanagawana ana aakuluwo, iye n'kumagona m'chikuta mtima uli m'malo. Koma Susana anali pa chitengwa, kwawo kwa mwamuna, m'mudzi wina cha ku Dzoole, ndipo ana awiriwo, Elia ndi Lidia, sanali magazi a pakhomopo. Bambo wawo anafera ku migodi. Bonifasi, mwamuna wachiwiriyu, pofunsira analumbira pamaso pa ankhoswe kuti anawo adzakhala ake. Amuna akamafunsira salephera kulumbira.

Mwambo wa chikuta unali wodziwika kwa aliyense. Mayi satuluka kufikira mchombo wa khanda utagwa, mwamuna salowa, ana salowa. Choncho Susana anatsala ndi makutu okha, ndi kampata ka kunsi kwa chitseko chabango kamene ankaonera mapazi a anthu odutsa.

Masiku a sukulu anawo ankachoka m'mawa ndi masileti awo n'kubwera atatopa. Apongozi ake, a Nankhoma, ankawaona pang'ono, n'kumawapirira. Tsopano anali pabwalo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kupirikitsa nkhuku, kukwera pankhokwe, kulimbirana chitsononkho ngati kuti m'mudzimo chinalimo chimodzi chokha. Phokoso lililonse linkamulasa Susana mumtima, chifukwa ankadziwa kuti pali wina amene akuwerengera.

Anayesetsa, mayi wa anthu. Ankakhwekhwerezeka kufika pachitseko, khanda lili pabere, n'kumalamula ali m'kati. Anawatuma kukatapa dothi kuti aumbe ng'ombe. Ng'ombezo zisanaume n'komwe anazimenyanitsa, zonse n'kuthyoka nyanga, Lidia n'kuyamba kulira. Anawapatsa mtedza kuti aswe, koma wambiri unalowera kukamwa, ndipo a Nankhoma atapeza makoko anafuula mudzi wonse kuti mbewu yawo yatha. Anawauza kuti akhale pakhonde aziimba nyimbo za kusukulu. Anaimbadi, ndi mphamvu zawo zonse, khanda n'kudzidzimuka, osatontholanso.

Bonifasi sankathandiza kanthu. Zinali zaka za Chitaganya, akapitawo a malimidwe ali pakhosi pa anthu, ndipo iye ankaswera kumunda wa m'phiri kukumba migula. Akabwera ankangokhosomola pakhomo, kufunsa kuti, "Muli bwanji m'menemo?" Asanamve n'komwe yankho lonse, mapazi ake anali atachoka.

Tsiku lina Lidia anagwada pachitseko. "Amayi, anzathu apita kumasanje kudambo. Tipite nawo?"

Susana anakumbukira zitsime zosatseka za kudambo kuja. "Iyayi, mwanawe. Mangani timisasa tanu kuseri kwa nyumba ino, kuti ndizikumvani."

Tsiku limenelo kunali mtendere umene anali asanaulawe chichirireni. Ankamva Elia akuzika timitengo, akudzitcha bambo wa nyumba, Lidia akumukalipira kuti wachedwa kumunda. Susana anaseka yekha mumdima wa chikutacho. Koma masanje opanda moto si masanje. Posakhalitsa Lidia anabweranso akusisima, kunena kuti agogo awakaniza moto, ati moto wawo sapatsa ana a eni.

Mawu amenewo ndi amene anamupusitsa Susana. Ana a eni! Anayang'ana moto umene unkafunditsa khanda pakati pa nyumba, natola khala limodzi, kuliika paphale, n'kulikankhira panja kudzera kunsi kwa chitseko. "Musonkhe kamoto kakang'ono," ananong'ona. Ali m'katimo sakanadziwa kuti kunja kukuwomba mphepo ija ya mu Ogasiti, yoyalula fumbi m'mapiri a Dowa. Anaiwalanso kuti pamtengo wa kuseriko panatsamira mitolo ya udzu wa a Nankhoma, umene mayiwo anamweta okha m'phiri nyengo yonse yachisanu, kututa pamutu, chifukwa denga lawo linali litatha kudontha.

Choyamba anamva kuthetheka. Kenaka mfuu, anthu kuthamanga, mitsuko kusweka, utsi kulowa m'mipata ya tsindwi. Susana anadzambatuka, dzanja n'kufika pa mpiringidzo wa chitseko. Khanda linalira kumbuyo kwake, kamchombo kake kadakali kakawisi. Anaima pomwepo, osatha kupita kutsogolo, osatha kubwerera. Moto utazima anamva mkwapulo ukulira pamsana wa mwana wake.

"Amayi! Amayi ine!" anakuwa Elia.

"Musiyeni!" Susana anamenya chitseko ndi zikhatho zonse ziwiri. "Ndine ndawapatsa moto! Menyani ine!"

Mkwapulo unaleka. Mapazi a a Nankhoma, akuda ndi phulusa, anadzaima pakampata paja.

"Inu a Nambewe," anatero pomuitana Susana ndi mfunda wake, "mwanditenthera denga muli chigonere? Mvula ikabwera ndidzafolera ndi ana anuwa?"

"Pepani amayi, ndalakwa ndine. Ndikatuluka ndikamweta wina, ngakhale ndi mwana kumbuyo."

"Mukamweta kuti? Phiri lonse anthu atentha kale posaka mbewa. Ndapirira nkhuku zanga, ndapirira mtedza wanga, lero ndi udzu, mawa ndipsera m'nyumba. Bonifasi! Tuma munthu ku Ntchisi. Ana awa ali ndi mwini wake, adzatenge mbumba yake."

Susana anagwada pansi, nkhope kuigunditsa ku bango. Anaona mapazi a mwamuna wake, aakulu, ong'aluka zidendene, ataima chapatali pang'ono. "Abambo, ndikukuonani, muli pomwepo. Munanena chiyani pamaso pa ankhoswe? Nenani kanthu, chonde. Ndi tchuthi chabe ichi, sukulu ikatsegulira simudzawamvanso."

"Ndi amayi anga, Nambewe," anatero Bonifasi ndi mawu ofooka. "Mudzi ndi wawo. Ndinganene chiyani ine?" Mapazi aja anatembenuka. Kutsidya kwa bwalo chitseko cha a Nankhoma chinamenyetsedwa mpaka nkhunda zinauluka padenga, ndipo Susana analira mokweza, osasamala kuti ndani akumva.

Kuyambira pamenepo anawo anakhala chete pakhonde, moti munthu akanaganiza kuti adwala. Susana ankavundukula khanda kawirikawiri n'kumayang'ana mchombo, kuupempha mumtima kuti ugwe msanga. Ankadziuza kuti akangotuluka adzagwira miyendo ya apongozi ake, adzapita kwa ankhoswe, adzafika ngakhale kwa abambo mfumu ku mishoni. Zonsezo zinkafuna munthu woima panja. Mchombowo unauma, kuda, koma unakakamira.

Stephano, mchimwene wake wa Susana, ndiye anafika msanga. Monga atsibweni a anawo, mawu ake ndi amene anali omaliza, ndipo sanabise kuti kwawo mbuzi zake zinkasowa m'busa. Atamwa madzi ndi kumva dandaulo la a Nankhoma, anadzanjuta pakhomo pa chikuta.

"Mlongo wanga, za chitengwa ndinakuuza kale. Taona tsopano, mbumba yanga ikukwapulidwa ngati agalu m'mudzi wa eni."

"Achimwene, dikirani ndituluke. Mchombo watsala pang'ono. Gonani pano, tikambirane maso ndi maso."

"Ndasiya ntchito kumudzi, ndipo njira ndi yamapiri. Tinyamuka dzuwa lisanakwere."

"Nanga sukulu? Kwathu kuja sukulu ili kuti? Elia wayamba kale kuwerenga, achimwene!"

Stephano anangopuma mozama n'kuimirira. Susana anamva Elia akufunsa ndi kamawu kakang'ono ngati anyamule sileti yake. "Isiye," anayankha atsibweni ake. "Mbuzi siziwerenga."

Kenaka kunsi kwa chitseko kunalowa tizala tating'ono, tafumbi, tikufufuza. Susana anatigwira ndi manja onse awiri n'kutitsamiritsa patsaya pake ponyowa.

"Amayi," anatero Lidia, "auzeni agogo kuti sitidzaseweranso. Tizingokhala phee pakhonde, osaimba, osathamanga. Auzeni."

Susana anatifinya tizalato mwamphamvu. Anamva Stephano akuitana kachiwiri, tizala tija n'kusololoka m'manja mwake. Anagona chafufumimba pansi, diso pakampata, naona timapazi tinayi tikutsata mapazi aakulu kudutsa bwalo. Pafupi ndi nkhokwe tiwiri tinaima, kutembenuka, kenaka tinakokedwa. Sanathe ngakhale kuwaperekeza pa mphambano monga amachitira mlendo wamba.

Mchombo unagwa m'mawa mwake.

Amayi a m'mudzi anabwera ndi nthungululu. Anameta khanda, kusesa phulusa la m'chikuta, kuzira pansi ndi dothi latsopano. Bonifasi anaima poteropo atavala malaya ake a ku tchalitchi, akumwetulira mwamanyazi, kudikira kuti aone nkhope ya mwana wake koyamba. A Nankhoma ndi amene anatsegula chitseko chija, kuchikankhira kutali, dzuwa n'kulowa.

"Tulukani tsopano, a Nambewe, mwamasuka," anatero mokondwa. "Taonani pabwalo pano mmene payerera. Pali zii, mwana azigona bwino."

Susana anatuluka, maso akuthobwa ndi kuwala. Anayang'ana bwalo loseseka bwinolo, nayang'ana njira yokwera kumapiri a kum'mawa, mmene munalibe munthu. Anapereka khanda m'manja mwa bambo wake. Kenaka, amayi aja nthungululu zidakali pakamwa, anatembenuka, kulowanso m'nyumba muja, n'kudzitsekera yekha.