Khola Limene a Ovidio Anasiya

Ine sindine wolankhulalankhula, ndipo nkhani iyi sindinauzepo ngakhale anzanga amene ndinamaliza nawo sukulu, kuopa kusekedwa. Koma inachitikadi. Amene anaona ndi azakhali anga a Xinia ndi alamu awo a Eliécer, ndipo onse awiri ali moyo. Mukafika ku La Palma mungofunsa nyumba ya njoka, aliyense akulozerani.

Nyumba ya njokayo anaiyambitsa ndi a Ovidio, amuna awo a azakhali. Linali shedi lalitali la malata kuseri kwa khitchini, lodzaza makola a galasi ndi waya. Njoka zake zinali zija anthu amazipeza m'minda ndi m'zimbudzi, n'kuitana a Ovidio m'malo mozitema.

Woweta njoka aliyense ali ndi njoka ya kumtima kwake. A Eliécer, mng'ono wawo wa a Ovidio, ankalota ija yobiriwira ya ku Amazon, yogona panthambi itadzipinda ngati nkhata. A Ovidio ankafuna imodzi basi: plato negro, njoka ya ululu woopsa, ya mutu wakuda, ya mamba okhakhala ngati khungu la chinanazi, yotalika kuposa munthu. Imakhala m'nkhalango yathu yomweyi, komabe alipo alenje amene anakalamba osaiona. Kwa otchera misampha a Ovidio ankakana kugula. Ankati njoka yotere imabwera yokha.

Khola lake anamangiratu pakona yozizira ya shedi. Anathiramo dothi la kunkhalango, masamba ouma, chipika cha mphako ndi mbale ya madzi. M'mawa uliwonse ankapoperamo madzi kuti chinyontho chisathe, uku akuimba kamluzu kawo kotsika kumapeto. Zaka zinkapita, khola lili chomwecho.

"Achimwene, mlendo wanu wadzuka bwanji lero?" a Eliécer ankafunsa.

"Wadzuka bwino. Akuti upite ukasese kwa mbewa."

"Alamu, mwamva? Bamboyu ali ndi mkazi wachiwiri, koma ndi mphepo yokhayokha."

"Bola ameneyo sadya," a Xinia ankayankha akusefa khofi.

Koma ngakhale pakhola lopanda kanthulo a Ovidio sankapisa dzanja chisawawa. Ankayamba agogoda chipika ndi ngowe yachitsulo, n'kutakasa masamba, dzanja pambuyo. "Khola limene umati mulibe kanthu ndi limene limapha munthu," ankatero.

Kamodzi kokha zinatsala pang'ono kutheka. Mlimi wina wa koko anaimba foni kuti waiona pansi pa mtengo. A Ovidio anathamanga panjinga yamoto, malaya osamanga mabatani. Pofika anapeza anyamata aitema kale ndi chikwanje. A Xinia amati tsiku limenelo amuna awo anabwera atainyamula m'manja ngati mwana, n'kukhala nayo pakhonde akusisita mutu wake wakudawo mpaka mpunga ndi nyemba zinazizira patebulo.

Sinali njoka imene inawapha a Ovidio. Unali mtima, masanasana, akutsuka mbale za madzi.

Maliro atatha, a Xinia anatenga mpope n'kupitiriza kupopera kholalo. Njoka sankazikonda kwenikweni. Kungoti pakona imeneyo ndi pamene pankamvekabe fungo la amuna awo, la dothi lonyowa ndi masamba owola, limene linkawakanirira m'malaya. Akaima pamenepo ankamva ngati munthuyo wangotuluka pang'ono.

Mvula itayamba, a Eliécer anabwera chipewa chili m'manja.

"Alamu, nsato ija yakula. Ikudzikhula mphuno pawaya, yatuluka chilonda."

"Ndaiona."

"Khola lalikulu ndi lija lokha."

A Xinia anangoyang'ana pansi.

"Achimwene sakanalola chamoyo chivutike chifukwa cha mphepo," a Eliécer anatero chapansipansi.

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinawawa. "Mawa," a Xinia anatero. "Koma masambawo ndichotsa ndekha."

A Xinia anadzuka kusanayere bwino, natenga thumba ndi kiyi. Mvula inali itakata, madontho okha akugwa pamalata. Nthawi imeneyo anyani a kunkhalango amakhala akubuma ngati mabingu, koma tsikulo kunali zii. Achule nawo anali chete. Atalowa m'shedi anaona mbewa zoyera zodyetsa njoka zitaunjikana pakona imodzi, zonse, osasuntha. Nsato inali italowetsa mutu pansi pa thupi lake.

Anatsegula loko, nakankha galasi. Fungo la masamba linawalandira, misozi n'kulengeza. Pansi pa fungolo panali lina, lolemera, lachilendo. Sanaliganizire. Ngowe inali pamsomali pomwe a Ovidio anaisiya, koma sanaitenge. Yanji, m'khola lopanda kanthu? Anagwada, natambasula dzanja lopanda kanthu kulunjika kukamwa kwa chipika.

Masamba analira.

Phokoso louma, lachangu, ngati mchira ukumenya masamba. Linkachokera mkati mwa mphako.

Dzanja linauma m'malere.

Kenako mluzu. Pafupi, kumbuyo kwa khutu lawo lamanzere. Waufupi, wotsika kumapeto.

Sanatembenuke. Amati sikunali kuopa. Ankadziwa kuti akatembenuka sapeza munthu, ndipo zimenezo ndi zimene sakanapirira. Anabweza dzanja pang'onopang'ono, chala ndi chala.

"Ndamva, bambo," ananong'ona. "Ndamva. Ngowe poyamba."

Masamba anatonthola.

Anatseka galasi, nakhala pansi pomwepo, msana utatsamira khola. A Eliécer anawapeza choncho kutacha.

"Alamu, mwagwa?"

"Musakweze mawu. Muli kanthu."

"Muti?"

"Umo."

A Eliécer anafuna kuseka, koma atanunkhiza mpweya nkhope inasintha. Anavala nsapato zazitali, natenga ngowe. Anagogoda chipika. Zii. Anatakasa masamba onse, ngodya ndi ngodya. Anatukula chipika n'kuunika mkati ndi tochi. Munalibe njoka. Koma potulutsa ngowe, kunsonga kwake kunakodwa kanthu kotuwa, kofewa, ndipo kankangotuluka, kutuluka, osatha.

Linali khungu limene njoka yafundula. Ataliyala pasimenti, linapitirira kutalika kwa chitseko. Linali lonyowabe. Mamba ake anali otumphuka, okhakhala ngati chinanazi.

A Eliécer anayendera waya yense ndi chala. Panalibe bowo loti ngakhale buluzi n'kulowa. Pansi panali simenti. Kiyi inali imodzi, ndipo inkagona pakhosi pa a Xinia.

Kenako anachita zimene woweta aliyense amachita akapeza khungu: anagwada n'kutambasula kumutu kuti aone maso. Njoka yosowa chinyontho imafundula zidutswazidutswa, ndipo timamba ta pamaso timatsalira. Ili linali lathunthu kuyambira kumlomo mpaka kunsonga ya mchira, timamba tiwiri ta pamaso tili pomwepo, towala ngati madontho a madzi.



"Iyi yakhalitsa muno," a Eliécer anatero. "Ndipo yasamalidwa bwino. Achimwene akanati..."

Anavula chipewa.

Masana omwewo a Eliécer anagula matabwa ndi waya, n'kuyamba kukhomera nsato khola lina panja pa shedi. Za mkazi wachiwiri sanazitchulenso.

Khungulo lilipo, analikulunga m'nsalu yoyera pamodzi ndi malaya a malemu. Ine ndinaligwirapo kamodzi, ndipo usiku wake sindinagone. Woweta wina wa ku San José atamva anabwera kudzapempha kuti aphwasule chipikacho aone bwino. Azakhali anamupatsa khofi, n'kumuperekeza pamsewu.

Mpaka lero amapopera kholalo m'mawa uliwonse. Madzi a m'mbale amatsika kuposa mmene dzuwa lingaumitsire, ndipo nthawi zina masamba amapezeka ataphwathika mozungulira, ngati pagona chinthu cholemera. Njokayo sanaionepo. Ndinawafunsa tsiku lina ngati safuna kungoiona kamodzi kokha.

"Si yanga," anatero. "Mwini wake anaidikira nthawi yaitali. Asiyeni aione okha."

Atatero anatenga ngowe pamsomali, nagogoda chipika mofatsa, ngati mmene munthu amagogodera chitseko cha chipinda chimene muli anthu awiri. Kenako anaima, mutu utapendekera kumanzere, kudikira.