Mawu a Azakhali

Kachala ankati alowe m'kalasi pomwe anamva mawu a azakhali ake akutuluka pafoni ya mnyamata wina pakhonde. Ana anali ataunjikana, akumvetsera kukamwa kuli yasa.

Dzina lakuti Kachala anam'patsa anzake chifukwa chala chake sichinkachedwa pafoni. N'chifukwa chake gulu lomwe linkakumana mushopu ya a Telala linamusankha kuti azijambula mawu. Gululo linkafuna kuti wailesi ya m'dera lawo iziulutsanso madandaulo a anthu wamba, osati nyimbo ndi malonda okhaokha. Lamulo lawo linali limodzi: munthu akajambulidwa, wina aziwerenganso mawuwo asanatumizidwe kwa anthu, kuti mwini wake asadziwike.

Azakhali ankasesa ku wailesi komweko. Kachala akuwajambula, iwo anafotokoza, mawu akunjenjemera, momwe akuluakulu a pawailesipo ankatayira kudzala makalata a madandaulo a omvera osawerengedwa n'komwe. Koma a Telala atawerenganso, zinangomveka ngati akuwerengera kasitomala miyeso ya thalauza. Kachala zinamunyansa. Anatumiza mawu enieniwo kwa mnzake mmodzi yekha, n'kumuuza kuti asapatse wina. Mnzakeyo nayenso anali ndi mnzake mmodzi yekha.

"Wazitenga kuti zimenezo?" Kachala anafunsa mnyamata uja.

"Iwe uli kuti? Zili ponseponse. Ngakhale kondakitala wa minibasi amaziliza m'mawa uno."

Tsiku lonse sanamve chilichonse chomwe aphunzitsi ankanena. Anafufuta mawuwo mufoni mwake, koma madzi akatayika sawoleka. Chitseko chikangotseguka ankadzidzimuka, poganiza kuti abwera kudzamutenga. Ataweruka anathamanga osayang'ana m'mbuyo.

Anapeza azakhali atakhala pampando wa pakhomo, dzuwa likadali pamutu. Pambali pawo panali jumbo, ndipo m'katimo munali nsapato zawo zamphira zogwirira ntchito. Kachala anachita mantha kuposa kale, chifukwa nsapatozo sizinkabwera kunyumba.

"Azakhali, mwaweruka msanga?"

"Andiweruza," anayankha osamuyang'ana. "Abwana aliza foni pamaso pa aliyense, n'kundifunsa kuti, 'Mayi, mawu awa mukuwadziwa?' Ndikanakana bwanji? Ndimawapatsa moni tsiku ndi tsiku ndi mawu omwewa."

"Ndine ndinatumiza," Kachala anatero misozi ili chuchuchu. "Ndimafuna anthu amve mmene zimakupwetekerani."

"Amvadi, mwana wa achimwene anga. Nanga unandifunsa?"

Kachala akanakonda akanamukalipira, koma azakhali anangonyamula jumbo ija n'kulowa m'nyumba.

Tsiku la msonkhano wa gulu lija litafika, Kachala analowa mushopu ya a Telala akuyenda chozemba, n'kukhala pakona pafupi ndi mulu wa zidutswa za nsalu. Anthu anabwera ambiri kuposa kale, pakuti mawu aja anawakhudza. Koma a Telala atafunsa amene akufuna kujambulidwa, panalibe yemwe anakweza dzanja. Mlonda wa pachipatala, yemwe analonjeza kuti alankhula, anayang'ana foni ya Kachala, kenako n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale.

"Ine ndili ndi ana, a Telala," anatero motsitsa mawu. "Kafoni kameneko kandipite patali."

Ena anavomereza ndi mitu. Kachala anazimitsa foni ija n'kuiika pamakina osokera. Anaona kuti gulu lonse likutha iye akuona, ndipo wolithetsa anali iye.

Kumbuyo mpando unakhuluka. Azakhali anaimirira, nabwera kutsogolo pang'onopang'ono.

"Ine ntchito yapita kale, ndilibenso choopa," anatero. "A mlonda, ndinong'onezeni zanuzo, ndizinena ndi pakamwa panga. Aliyense woopa abwereke mawu angawa." Kenako anatembenukira kwa Kachala. "Iwe, tenga foniyo."

Kachala anaitenga n'kuiyatsa. Chala chake chinafika pa batani lojambulira, koma chinaima m'malere.

"Azakhali," anafunsa, "mwandilola?"

Azakhali anamuyang'ana m'maso.

"Tsopano jambula," anatero.